Kugombe m'mamawa, dikirani madzi akubweretsereni mbalame

Mayi wina walemba kuti akukhala pafupi ndi nyanja yamchere, kudera kumene chisanu chikutha tsopano ndipo mitengo yayamba kuphuka. Anthu amuuza kuti ino ndiyo nyengo yabwino yoonera mbalame za kugombe. Analawira m'mbandakucha, koma anangoona timadontho patali pamatope, ndipo atati aziyandikire zonse zinauluka. Akufunsa kuti achite bwanji kuti m'mawa wake ukhale wabata, mbalamezo n'kuziona bwinobwino.

Mayi, zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Munachita bwino kulawira, ndipo amene anakuuzani za nyengoyi sananame. Chimene chinasowa n'chakuti simunafufuze kaye kuti madzi akhala ali pati pa nthawi imene mukufika. Mbalame zimene zimadya m'matope a kugombe sizilabadira kwenikweni kutuluka kwa dzuwa. Zimatsata madzi. Akaphwa zimadya, kaya ndi usana kaya ndi usiku, ndipo akadzaza zimapuma. Inu munafika ataphweratu. M'magombe athyathyathya madzi amatha kubwerera mtunda wa makilomita angapo, ndipo mbalame zimakhala komweko m'mphepete mwake, kumene matope adakali onyowa.

Madzi a m'nyanja zikuluzikulu amakwera ndi kutsika chifukwa cha mphamvu yokoka ya mwezi, dzuwa n'kuthandizirako. M'magombe ambiri amadzaza kawiri pa tsiku, ndipo kuchokera pamene adzaza kufika pamene adzazanso pamapita maola 12 ndi mphindi pafupifupi 25. Choncho tsiku lililonse amachedwerako ndi mphindi pafupifupi 50. Ngati lero adzaza 8 koloko m'mawa, mawa adzadzaza nthawi ikuthamangira 9 koloko, ndipo pakatha sabata imodzi, 8 koloko yomweyo mudzapeza matope okhaokha. Nthawi zimenezi zimawerengedwa pasadakhale, ndipo madoko ndi maofesi a zanyengo amazisindikiza. Pa intaneti mupezanso za gombe limene muli nalo pafupi. Sankhani tsiku limene madzi adzadzaze patatha maola awiri kapena atatu dzuwa litatuluka. Masiku oterowo ndi ochepa pa mwezi, ndiye ndi bwino kuwalemberatu pa kalendala.

Yang'ananinso mwezi. Patangopita tsiku limodzi kapena awiri mwezi utakhala wathunthu, komanso pamene uli mumdima, madzi amakwera kwambiri n'kumiza matope onse. Mwezi ukakhala theka amakwera pang'ono chabe, moti m'malo ena amasiya matope ambiri poyera, mbalame n'kungotsala kutali m'mawa wonse. Kwa munthu wongoyamba kumene, masiku a madzi ochulukawo ndi amene ndimalimbikitsa.

Mukapeza tsikulo, fikani kusanayere, sankhani malo, khalani pansi, ndipo musasunthenso. Ambiri amalephera pomwepa, chifukwa timaganiza kuti woonera mbalame ayenera kuyenda kuzifunafuna. M'nkhalango mwina zimatero. Kugombe, amene amayenda ndi madzi. Pamatope athyathyathya sabwera ndi mafunde aphokoso. Amayamba adzaza timifuleni tokhotakhota timene tadula matopewo, kenako amasefukira m'mbali n'kuyamba kuyenderera mwakachetechete, atasenza kathovu kutsogolo. Nyongolotsi ndi tinkhono timakwera pamwamba matope akangonyowa, ndiye mbalame zimandanda m'mphepete mwa madziwo n'kumadya zikubwerera m'mbuyo. Madzi amazikusa ngati mmene mbusa amakusira mbuzi madzulo, ndipo kumene akuzikusira ndi kumene inu mwakhala. Yang'anani ndondomeko yake. Zamiyendo ifupiifupi ndi zimene zimayamba kuthawa, kagulu apa kagulu apo. Zazitali ngati curlew, mbalame yaikulu ya mlomo wautali wopindika, zimaima nji mpaka madzi afike pamimba, kenako n'kudzuka mwaulesi zikulira. Timadontho timene munationa tsiku lija mudzapeza kuti tili ndi maso, milomo yosiyanasiyana ndi nthenga zamawangamawanga, inu musanaponde n'phazi limodzi lomwe kutiyandikira.

Malo okhalawo musankhe mwanzeru. Dzuwa likhale kumbuyo kwanu kapena chakumbali. Gombe loyang'ana kum'mawa limavuta m'mamawa, chifukwa dzuwa limatulukira m'madzi momwemo, mbalame zonse n'kumaoneka bii, matope akuthobwa m'maso. Zikatero funani pamene gombe lakhota, kapena tsidya lina la pamene mtsinje wathira m'nyanja, kuti muziyang'ana kumadzulo kapena kumbali. Musaime pamwamba pa chipupa chotchinga madzi kapena pansonga pa mulu wa mchenga, chifukwa munthu woimirira kumbuyo kwake kuli thambo lokha amaonekera patali zedi. Tsikani pang'ono, tsamirani mwala, chitsamba kapena chipupacho. Zovala zikhale zosawala, ndipo zikhale zofunda kuposa mmene mukuganizira, pakuti mphepo ya kunyanja nyengo imeneyi imazizirabe, ndipo munthu wozizidwa sakhazikika. M'malo ambiri otetezedwa anamangamo tinyumba tobisalamo tokhala ndi timawindo. Tikakhalapo tigwiritseni ntchito, koma musatulutse mkono panja poloza.

Ubwino wa m'mamawa ndi wakuti mpweya umakhala usanatenthe. Dzuwa likakwera, mpweya wa pamwamba pa matope umayamba kuthwanima, zinthu zakutali n'kumaoneka ngati zikunjenjemera ngakhale magalasi anu oonera patali akhale abwino motani. Komanso oyenda ndi agalu ndi othamanga amakhala asanafike.

Tsopano za nyengoyi, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kumpoto kwa dziko lapansi, kuyambira Marichi mpaka kumapeto kwa Meyi, mbalame zambiri zimene mukuzionazo si zapompo. Zili pa ulendo wokaswa kumadera ozizira kwambiri a ku Arctic, kunsonga ya kumpoto kwa dziko lapansi, ndipo gombe lanulo ndi poima chabe kuti zidye. Zimakhala zikusinthanso nthenga. Mwachitsanzo, mbalame yotchedwa knot, imene nthawi yachisanu imakhala yotuwa yosapatsa chidwi, pofika Meyi chifuwa chake chimakhala psuu. Ina yaing'ono yotchedwa dunlin imamera chigamba chakuda pamimba. Yotchedwa grey plover imada kuyambira kumaso mpaka pamimba, msana uli mawanga oyera ndi akuda. M'gulu limodzi mupezamo ina yomaliza kusintha, ina ili pakati, ina isanayambe n'komwe, ndipo ambiri ongoyamba amayesa mitundu itatu pamene uli mtundu umodzi. Amene ali kummwera kwa dziko lapansi, monga ku Langebaan ku South Africa kapena ku Walvis Bay ku Namibia, nyengo yawo yophukira mitengo ndi ya Seputembala mpaka Novembala, ndipo iwo amaona mbalame zomwezi zikufika kuchokera kumpoto, zitatopa, nthenga zofiira zija zikuthothoka. Malangizo a madziwa ndi amodzimodzi.

Maulendo ake ndi odabwitsa. Ku Banc d'Arguin, m'dziko la Mauritania, kumasonkhana mbalame za m'matope pafupifupi 2 miliyoni nthawi imene kumpoto kukuzizira. Knot zochokera kumeneko zimanyamuka chakumayambiriro kwa Meyi n'kuuluka makilomita oposa 4,000 kukafika ku Wadden Sea, gombe lamatope limene lili m'mayiko a Netherlands, Germany ndi Denmark. Zimakhalako masabata atatu kapena kuposerapo pang'ono zikudya, kenako ulendo wa ku Siberia, kumpoto kwa dziko la Russia. Pa Wadden Sea pokhapo pamadutsa mbalame pakati pa 10 ndi 12 miliyoni pa chaka, ndipo bungwe la UNESCO linaika malowa m'kaundula wa malo ofunika padziko lonse mu 2009. Kutsidya lina la dziko, mu Marichi 2007, mbalame yaikazi ya mtundu wa godwit imene akatswiri anaiika kachipangizo koilondolera n'kuitcha E7 inachoka ku New Zealand n'kuuluka makilomita oposa 10,000 osatera mpaka kugombe la Yellow Sea, nyanja ya pakati pa China ndi Korea. Inadya kumeneko masabata angapo isanapitirire ku Alaska, kumpoto kwenikweni kwa America. Mbalame imeneyi siingatere panyanja n'kudya. Isananyamuke ulendo wotere imanenepa mpaka pafupifupi theka la kulemera kwake n'kukhala mafuta, ziwalo zogaya chakudya n'kuchepa kuti zisailemere. Mafuta onsewo amachokera m'tinyongolotsi ndi tinkhono ta m'matope ngati amene munaima m'mphepete mwake aja.

N'chifukwa chake ndikupemphani ndi mtima wonse kuti musadzaziyandikirenso mpaka kuziulutsa. Sindikukudzudzulani, ambiri sadziwa. Koma gulu likadzambatuka chifukwa cha munthu, limataya zinthu ziwiri nthawi imodzi: mafuta amene lawotcha pouluka, ndi nthawi yodyera imene madzi sadzaibweza mpaka ataphwanso. Kamodzi si nkhani. Koma ganizirani kuti pambuyo panu pabwera wina ndi galu, kenako wojambula zithunzi, kenako ana othamanga, tsiku ndi tsiku kwa masabata atatu amene mbalameyo ili nawo. Ku Arctic nyengo yofunda ndi yaifupi kwambiri. Mbalame iyenera kufika chipale chikungosungunuka, iikire mazira, ifungatire pafupifupi masabata atatu, ana akule ndi kuuluka kuzizira kusanabwerere. Yofika mochedwa kapena yowonda nthawi zambiri chaka chimenecho siiswa, ndipo ina imafera m'njira.

Zimene zinachitika ku Delaware Bay ku America zimasonyeza mmene malo amodzi oimapo aliri ofunika. Knot zochokera ku Tierra del Fuego, kunsonga kwenikweni kwa South America, zimafika kumeneko mu Meyi, pa nthawi imene zamoyo zofanana ndi nkhanu zotchedwa horseshoe crab zikuikira mazira mumchenga. Pa masabata awiri okha mbalameyo imatha kuwonjezera kulemera kwake pafupifupi kawiri podya mazirawo. M'zaka za m'ma 1990 asodzi anagwira zamoyozo mopyola muyeso kuti azichita nyambo, mazira anachepa, ndipo chiwerengero cha knot chinatsika kwambiri. Ku South Korea nako, atatseka matope a Saemangeum mu 2006 ndi chipupa cha makilomita 33, mbalame zambirimbiri zinasowa poima. Zimenezo ndi zazikulu zoti munthu mmodzi sangazikonze. Koma kusiya gulu la mbalame lidye mwamtendere, zimenezo zili m'manja mwanu m'mawa umenewo.

Mbalame zimachenjeza zisanauluke. Zikamadya mitu ili pansi, kapena zikamadzikonza nthenga, ndiye kuti zakuiwalani. Mukaona mitu yadzuka, makosi atalika, zasiya kudya, zina zayamba kuyenda kukuthawani, mwafika pafupi kwambiri. Imani pomwepo, khalani pansi kapena bwererani pang'onopang'ono. Curlew ndi redshank, ya miyendo yofiira, ndi zamantha kwambiri, ndipo imodzi ikalira imadzutsa zonse. Kusamala kuchuluke madzi akadzaziratu, pamene zonse zaunjikana pakachilumba ka mchenga kapena pamiyala, zayang'ana kumene mphepo ikuchokera, zaima mwendo umodzi milomo itabisidwa kumsana. Nthawi imeneyo zilibe kwina kotera. Mukaziulutsa zimangozungulira m'mwamba mpaka madzi atsike.

Nthawi zina gulu lonse lidzadzuka inu muli phee. Musadzide, kwezani maso kumwamba. Kawirikawiri amakhala kabawi wa mtundu wa peregrine, ndipo mudzaona mbalame masauzande zikutembenuka nthawi imodzi, apa kuda, apa mbee pamene mimba zayang'ana dzuwa. Kuuluka kumeneko ndi kwa chilengedwe, ndipo n'kumene mafuta awo ayenera kusungidwira.

Samalaninso pamene mukuponda. Si zonse zili pa ulendo; zina zimaswa pagombe pomwepo. Mbalame yaing'ono yotchedwa ringed plover siimanga chisa, imangofukula kadzenje pansangalabwi kapena pamchenga wouma pamwamba pa pamene madzi amalekeza, n'kuikiramo mazira anayi ofanana ndendende ndi timiyalato. Little tern, mbalame yaing'ono yoyera yodya nsomba, nayonso imaikira mazira pakadzenje kotere. Mukaona kambalame kakukwawa patsogolo panu phiko likukhwekhwereza ngati lathyoka, sikanavulale. Kakukunyengererani kuti muchoke pa mazira kapena ana ake. Chokani msanga, chifukwa kholo likakhala pambali mazira amazizira, ndipo akhwangwala amakhala akuonerera. Yendani pamchenga wonyowa kumunsi, lemekezani zingwe ndi zikwangwani zotchinga malo oswera, ndipo ngati muli ndi galu akhale pachingwe, kapena atsale kunyumba tsiku limenelo.

Za kuzizindikira, malangizo anga ndi akuti buku la zithunzi za mbalame likhale m'thumba kwa ola loyamba. Mitundu ya nthenga imasokoneza nyengo ino. Yambani ndi kadyedwe ndi mlomo. Mbalame za mtundu wa plover zili ndi maso aakulu ndi milomo yaifupi, ndipo zimasaka ndi maso: kuthamanga pang'ono, kuima du, kujompha, kuthamanganso. Dunlin ndi knot zimayenda zitawerama zikubaya matope mosalekeza, chifukwa zimapeza chakudya pokhudza. Kunsonga kwa mlomo wa knot kuli timinyewa timene timamva nkhono yobisika m'matope onyowa isanaikhudze n'komwe. Godwit ili ndi mlomo wautali wowongoka kapena wopindikira m'mwamba pang'ono, ndipo imaulowetsa wonse mpaka kumaso. Curlew ndi yaikulu kuposa zonse, mlomo wautali wopindikira pansi. Whimbrel ikufanana nayo koma ndi yocheperapo, mlomo wofupikirapo, ndipo pamutu ili ndi mizere. Oystercatcher simungaisokoneze, yakuda ndi yoyera, mlomo wofiira, yaphokoso. Turnstone imayenda m'miyala ndi m'ndere zimene mafunde alavula, ikugubuduza timiyala ndi mlomo. Koma imene ndimaikonda kuti munthu ayambire ndi sanderling, kambalame kotuwa kamene kamathamangira funde likamabwerera, kujompha kawiri katatu pamchenga wonyowa, n'kuthawanso funde lina likamabwera, timiyendo takuda tikuyenda mwaliwiro loti maso sangatsate. Kalibe chala chakumbuyo, ndipo kamadekha munthu akakhala chete, moti nthawi zina kamadutsa pafupi kwambiri ndi mapazi anu. Mukadziwa bwino mitundu itatu kapena inayi m'mawa umodzi, mwachita zambiri. Inayo mudzaiyerekeza ndi imeneyi: yaikulu kuposa dunlin, mlomo waufupi kuposa wa godwit, motero.

Nthawi ndi nthawi tembenukani muyang'ane kumbuyo. Timbalame tambiri ta kumtunda timayenda usiku, ndipo kukamacha timatera pamtunda woyamba umene taupeza titawoloka nyanja. Tchire limene dzulo linali zii lero litha kukhala lodzaza, makamaka ngati usiku kunagwa mvula yowaza kapena nkhungu. Pamiyala ndi paudzu waufupi funani wheatear, kambalame koima chilili kamene kakauluka kamaonetsa poyera pamwamba pa mchira. Kamalemera magalamu pafupifupi 25, koma tina timachoka kum'mawa kwa Africa mpaka ku Alaska, ulendo wa makilomita oposa 14,000. Kunyanja nako kumadutsa ma tern, oyera, amapiko osongoka, akudziponya m'madzi kugwira tinsomba. Arctic tern, imene imachokera kunyanja zozungulira Antarctica, imayenda makilomita pafupifupi 70,000 pa chaka.

Zida sizifunika zambiri. Magalasi oonera patali olembedwa 8x42 ndi okwanira, amaona bwino kukadali chisisira ndipo sagwedera kwambiri m'manja. Tsamiritsani zigongono pamaondo. Telesikopu imathandiza kwambiri pamatope, koma musathamangire kugula. Pitani kangapo kaye, ndipo oonera mbalame ambiri amakondwa kukulolani kusuzumira mu yawo mukawapempha mwaulemu ndi mawu apansipansi. Foni ikhale yosalira, ndipo musaimbe mawu a mbalame ojambulidwa kuti muzikope, makamaka nyengo yoswa ino. Tengani kabuku kolembamo ndi pensulo.

Chimodzi ndinene mosabisa: musalowe m'matope kutsata mbalame. Madzi amadzaza timifuleni ta kumbuyo kwanu inu mukuyang'ana kutsogolo, ndipo pamalo athyathyathya amatha kuyenda mofulumira kuposa munthu amene mapazi ake akutitimira. Mu Febuluwale 2004 ku Morecambe Bay ku England, anthu oposa 20 amene ankatola nkhono anamira chifukwa madzi anawatsekera njira. Khalani pamtunda wolimba, dziwani njira yobwerera, ndipo wina adziwe kumene mwapita.

Madzi akadzaziratu, mbalame zikagona, mutha kuchoka chakumbuyo mosaimirira mwadzidzidzi. Koma ngati nthawi ilipo, dikirani ola limodzi kapena awiri. Matope oyamba kuonekera ndi amene ali pafupi ndi inu, ndipo mbalame zimaterapo zili ndi njala. Apa m'pamene miyendo imaoneka bwino, ndiye iyang'anitsitseni. Zina zimakhala ndi mphete zamitundu kapena kambendera kapulasitiki kolembedwa zilembo ndi manambala, zimene akatswiri anaziveka. Lembani mtundu uliwonse, mwendo wake, ngati zili pamwamba kapena pansi pa mfundo ya mwendo, zilembo zake, tsiku ndi malo, n'kutumiza ku bungwe loveka mbalame mphete la m'dziko limene muli. Nthawi zambiri amakuyankhani ndi mbiri ya mbalameyo, kumene inagwidwa ndi kumene yaonekako. Knot ina yovala kambendera ka B95 inavekedwa mphete ku Tierra del Fuego mu 1995, ndipo kwa zaka pafupifupi 20 anthu anapitiriza kuiona m'magombe osiyanasiyana a ku America n'kumatumiza uthenga. Zimene mwawerenga m'mawa umenewo, ngakhale mitundu isanu yokha, mutha kuzilembanso pa eBird, kaundula wa pa intaneti amene bungwe lofufuza za mbalame la ku America la Cornell Lab of Ornithology linayambitsa mu 2002; ofufuza amagwiritsa ntchito zolembazo podziwa magombe amene mbalame zikudalira ndi masiku amene zikufika. Polemba musaiwale kuika nthawi imene munayamba ndi imene munamaliza, ndipo mbalame imene simunaitsimikize muisiye osailemba.